Magetsi a dzuwa ndi mphepo pakhomo: zofunika kudziwa ku Liwonde

Madzi opangira magetsi ku Nkula, Tedzani ndi Kapichira amadutsa pa Kamuzu Barrage ku Liwonde, koma anthu a m'tauniyi nawo amagona mumdima magetsi a Escom akathima. Pomwe namondwe wa Ana adawononga Kapichira mu Januwale 2022, dziko lidataya mamegawati pafupifupi 130, ndipo mabanja ambiri adayamba kulingalira zopanga magetsi awoawo.

Imodzi mwa njira zake ndi kuphatikiza mapanelo a sola ndi makina ozungulira ndi mphepo, zonse n'kumadzaza batire limodzi. Ubwino wake ndi wakuti mphepo imatha kuwomba usiku, komanso mwera amalimba m'miyezi ya Juni ndi Julaye pomwe mitambo ya chiperoni imaphimba dzuwa.

Ntchito imayamba ndi kuwerengetsera, osati kugula. Nyumba ya mababu 6 a mawati 10 oyaka maola 5, wailesi ya kanema, fani, firiji yaing'ono ndi mafoni imadya pafupifupi ma watt-hour 2,000 patsiku. Poti dzuwa lamphamvu limawala maola pafupifupi 5, pamafunika mapanelo a mawati 400. Koma chifukwa mphamvu ina imatayikira m'mawaya ndi mu inverter, ndiponso kutentha kwa m'chigwa cha Shire kumafooketsa mapanelo, ndi bwino kuika a mawati 600. Ayang'ane kumpoto, atapendekeka madigiri pafupifupi 15, ndipo pansi pake pazidutsa mpweya.

Pa mphepo m'pomwe ambiri amatayira ndalama. Liwiro la mphepo likawirikiza kawiri, mphamvu yake imachuluka kasanu n'katatu; likatsika ndi theka, pamatsala gawo limodzi mwa magawo 8. Makina ang'onoang'ono ambiri amayamba kupanga magetsi mphepo ikafika mamita 3 pa sekondi, koma mawati olembedwa pa katoni amapezeka ikafika mamita 11 kapena 12, zomwe sizichitika kawirikawiri pabwalo lozunguliridwa ndi mitengo ya mango ndi malambe. William Kamkwamba adayatsa mababu ndi mphepo kwawo ku Wimbe, koma kumeneko ndi kumtunda kwa Kasungu, pomwe Liwonde ali m'chigwa. Choncho mwininyumba ayambe wayeza mphepo pamalo pake kwa miyezi ingapo. Ikapezeka yokwanira, makinawo aimikidwe pamlongoti wotalika kuposa mitengo ndi nyumba zoyandikira, osati padenga, pomwe mphepo imakhala yosokonekera.

Makina a mphepo amafunanso controller yawoyawo yotayira mphamvu yotsala batire likadzaza, apo ayi amazungulira mopitirira muyeso mpaka kuthyoka. Mlongotiwo ukhale ndi waya wolowa pansi woteteza ku ziphaliwali.

Batire la asidi siliyenera kutsika kupitirira theka, ndipo limafa msanga m'chipinda chotentha. La lithiamu ndi lokwera mtengo koma limakhalitsa. Wolumikiza zonsezi akhale mmisiri wa chiphaso cha bungwe la Mera.