MUYESO WA NTCHITO M'MASITOLO A KU BLANTYRE NDI KU LIMBE

Munthu akalowa m'sitolo yaikulu m'mawa, napeza sopo, mchere, shuga ndi mafuta ophikira zitaima m'mizere yache pa mashelefu, saganizako za manja amene anazisanja pamenepo. Manjawo ndi a anyamata ndi asungwana amene ambiri a iwo amagona ku Chilobwe, ku Ndirande ndi ku Bangwe, nalawira mbandakucha kunka ku ntchito. Pakati pa iwo ndi akapitao ao pamakhala mkangano umene suzirala, ndiwo wakuti: kodi munthu mmodzi ayenera kusanja katundu wochuluka bwanji pa tsiku limodzi? Mkangano umenewu ngwakale ndithu, pakuti unayamba pamodzi ndi masitolo eni ache, ndipo tikafuna kuumvetsa tiyenera kubwerera ku masiku amene katundu yense anali kufika ku Kabula pamitu ya anthu.

Amishoni a ku Scotland anakhazikika ku Blantyre m'chaka cha 1876. Patapita zaka ziwiri, mu 1878, anthu a malonda a mu mzinda wa Glasgow anapanga kampani imene pambuyo pache inatchedwa African Lakes, natuma abale awiri, John Moir ndi Frederick Moir, kuti adzaiyendetse kuno. John anali kubvala magalasi m'maso, ndipo chifukwa cha ichi anthu anamutcha Mandala. Dzinalo linagwera kampani, masitolo ache, ndi nyumba yosanja imene anaimanga mu 1882, imene iripo kufikira lero.

Nthawi imeneyo kunalibe njanje kapena galimoto. Nsalu, mikanda, mchere ndi makasu zinali kukwera mtsinje wa Shire pa sitima za pamadzi kufikira pa Katunga, pafupi ndi Chikwawa, ndipo kuchokera pamenepo amtengatenga anali kuzisenza kukwera nazo chitunda chachikulu chija, ulendo wa mamailosi pafupifupi 30. Mtolo wa munthu mmodzi unali wa mapaundi 50 kapena 60. Uwu ndiwo muyeso woyamba wa ntchito ya sitolo m'dziko muno. Tisaukometsere ai: ntchitoyo inali yowawa, malipiro ache anali ochepa, kawirikawiri mikwamba ya nsalu chabe, ndipo ambiri anaigwira chifukwa cha msonkho wa nyumba umene Boma la Azungu linaika litatenga dziko mu 1891. Komabe muyesowo unali ndi ubwino umodzi, wakuti unali wooneka. Mtolo unali kuikidwa pa sikelo anthu onse alikuona, ndipo kapitao wokayika anali wokhoza kuunyamula yekha ndi kumva kulemera kwache. Eni malonda anadziwanso kuti mtolo ukapitirira pamenepo, munthu adzautula m'njira nathawa usiku, ndipo iwo omwe adzataya chuma.

Njanje itafika ku Blantyre mu 1908, ndipo makamaka mlatho wa pa Zambezi utatha mu 1935, katundu anayamba kubwera wochuluka kuchokera ku doko la Beira. Mudzi wa Limbe unakula mozungulira siteshoni ndi fakitale ya fodya, ndipo Amwenye anamanga masitolo ao m'mizere. Panadzanso kampani ya London and Blantyre Supply, imene anthu anaitcha Kandodo.

M'masitolo a masiku amenewo wogula sanali kugwira katundu. Pakati pa iye ndi mashelefu panali thebulo lalitali, ndipo anali kungoloza ndi chala chimene afuna. Mnyamata wa m'sitolo anali kutsitsa mpukutu wa nsalu, mwini sitolo nayesa mayadi, nadula. Mnyamatayo anali kupindanso mpukutuwo ndi kuubwezera pamalo pache. Yemweyo anali kusesa pakhonde, kuyesa mchere pa sikelo, kukulunga shuga m'mapepala, ndi kusenza matumba a chimanga, amene nthawi imeneyo anali a mapaundi 200. Ntchito yache inalibe chiwerengero. Muyeso wache unali diso la bwana: akaoneka ataima anali waulesi, akaoneka alikuyendayenda anali wakhama, chinkana kuyendako kukhale kopanda pache. Ine ndiyesa kuti muyeso uwu unali woipa koposa wa mtolo uja, popeza wamtengatenga akafika pa Mandala natula katundu anali kudziwa kuti ndime yache yatha, koma mnyamata wa m'sitolo analibe ndime yoti aimalize.

Tsono chimene chinasintha ntchitoyi chinachokera kutali, ku America, ndipo chinali pawiri.

Choyamba chinali sitolo yodzitengera wekha. Mu 1916 munthu wina dzina lache Clarence Saunders anatsegula sitolo yotchedwa Piggly Wiggly mu mzinda wa Memphis, m'mene anachotsa thebulo lija nalola ogula kuyenda pakati pa mashelefu ndi mtanga m'manja. Pamenepo shelefu inasanduka wogulitsa. Chinthu chikasowa pa shelefu, ngakhale chikhale chodzaza m'chipinda cha kuseri, ndiye kuti sichigulidwa. Chotero panafunika anthu amene ntchito yao yonse ndi kudzaza mashelefu.

Chachiwiri chinali wochi. Frederick Taylor, amene analemba buku lache lotchuka la kayendetsedwe ka ntchito mu 1911, anali kuima ndi wochi pambali pa antchito nawerenga mphindi za kuwerama, kunyamula ndi kuyenda. Iye anasimba kuti pa fakitale ya zitsulo ya ku Bethlehem anthu amene anali kukweza matani 12 ndi theka pa tsiku anafika pokweza matani 47. Eni ntchito a m'maiko ambiri anakondwera nacho chiwerengero chimenechi, koma anaiwala zinthu ziwiri zimene Taylor mwini wache analemba. China nchakuti mwa anthu asanu ndi atatu, mmodzi yekha ndiye anali ndi mphamvu zofikira muyesowo. Chinanso nchakuti munthu wonyamula chitsulo cholemera chotere anayenera kukhala wopanda katundu m'manja kwa nthawi yoposa theka la tsiku la ntchito. Kutenga muyeso wa munthu wamphamvu koposa onse ndi kuuika pa gulu lonse, nuchotsapo kupuma, ndiko kulakwa kumene kwabwerezedwa m'masitolo ambiri kufikira masiku ano.

Kuno kwathu masitolo odzitengera wekha anafala dziko litalandira ufulu. Kandodo anatsata njira yatsopanoyi, ndipo mu 1973 kampani ya Press inayamba masitolo a People's Trading Centre, amene anthu anangowatcha PTC. M'zaka zomwezo Boma la Dr. Banda linachotsa Amwenye m'midzi kuti azichita malonda m'mizinda yokha, ndipo Limbe anasanduka msika waukulu wa maoda. Mu 2001 kampani ya Shoprite ya ku South Africa inatsegula sitolo yache pa Chichiri. M'masitolo akulu otere katundu amalembedwa m'kompyuta polowa ndi potuluka, kotero kuti mwini sitolo akhoza kudziwa makatoni amene afika ndi maola amene apita powasanja.

M'masitolo a zakudya a ku America kawirikawiri amanena za makatoni 50 kapena 60 pa ola, ndiko kuti katoni imodzi pa mphindi. Tiyeni tichiyese chiwerengero chimenechi ndi katundu amene timdziwa. Belo la shuga liri ndi mapaketi 20 a kilogalamu imodzi imodzi. Munthu akasanja mabelo 60 pa ola, wanyamula makilogalamu 1,200. Akachita chomwecho maola asanu ndi atatu, wanyamula makilogalamu 9,600. Mtolo wa wamtengatenga uja wa mapaundi 60 unali makilogalamu 27 okha. Nzoona kuti iye anali kuyenda nao tsiku lonse, pamene wa m'sitolo amanyamula natula. Koma msana umene uwerama kambirimbiri pa tsiku umatopa kutopa kwache kwache, ndipo ululu wache umadza munthu atakula.

Ndiponso katoni siifanana ndi katoni inzache. Ya mapepala a kuchimbudzi njopepuka, ndipo itha msanga. Ya timabotolo ta mafuta odzola iri ndi tinthu tambiri, tonse tofunika kuimikidwa chizindikiro chitayang'ana kwa wogula, ndipo kamodzi kakagwa nikasweka pakhala mlandu. Zakudya zimafuna chisamaliro china: wosanja ayenera kuwerenga tsiku lotha ntchito, kukokera zakale kutsogolo ndi kuika zatsopano kumbuyo, pakuti a bungwe loona za miyezo, Malawi Bureau of Standards, akapeza zoguga pa shelefu sitolo imalangidwa. Munthu wothamangitsidwa ndi wochi amadumpha ntchito yomweyi poyamba, naunjika zatsopano patsogolo. Chiwerengero chache chimakoma tsiku limenelo, koma pakutha pa mwezi mwini sitolo amataya mkaka ndi ufa.

Palinso zina zimene wochi saziona. Chiwerengero cha ku America chija chimayenera munthu amene asanja usiku sitolo itatsekedwa, katundu atamfikitsira pafupi pa kangolo, makatoni atasankhidwa kale monga mwa mizere yache. Wosanja masana amaima kuti apatse njira ogula, amayankha mai wofunsa kumene kuli machesi, amaitanidwa kukatsitsa katundu m'lole kapena kukalongedza zogula za anthu potulukira. Ndalama ya kwacha itagwa mphamvu mu May 2022, ndiponso mu November 2023 pamene inatsitsidwa ndi magawo 44 pa 100, mitengo ya pa mashelefu inayenera kusinthidwa, ndipo kusinthako kunali ntchito ya manja omwewo, chinkana sikuwerengedwa ngati katoni. Za ulendo wa pansi wochokera kunsi kwa phiri la Soche kufika m'tauni, umene ambiri a ku Chilobwe amayenda pofuna kusunga ndalama ya minibasi, sindinenapo zambiri. Ungodziwika kuti munthuyo amayamba belo lache loyamba miyendo itagwira kale ntchito.

Malamulo anafikako pang'ono pa nkhaniyi. Mu 1967 bungwe la maiko loona za ntchito, ILO, linalangiza kuti mwamuna wamkulu asamanyamule yekha katundu woposa makilogalamu 55, ndipo thumba la chimanga la masiku ano ndi la makilogalamu 50, losafika pa lakale lija la mapaundi 200. Lamulo la ntchito la dziko lino la m'chaka cha 2000 linaika maola 48 pa mlungu, kuti opitirira pamenepo alipiridwe padera. Za chiwerengero cha makatoni lamulolo silitchula kanthu, ndipo chimenecho chimatsalira kapitao ndi wantchito wache kuti apangane m'chipinda cha katundu.