Mlandu wa ku Dordrecht

Ndili mwana, maliro akagwa m'mudzi mwathu agogo anga, amene ankapemphera mpingo wa Nkhoma, mawu awo anali amodzimodzi: "Linali tsiku lake." Mnyamata akamira pamtsinje atakhuta kachasu, linali tsiku lake. Tsono ine ndinkadabwa. Ngati zonse zinakonzedwa kale, nanga agogo omwewo ankandikwapuliranji ndikaba nzimbe? Sindinkadziwa kuti mkangano wa funso langali unathandiza kudulitsa mutu wa nkhalamba ina ku Ulaya.

Pa yunivesite ya Leiden, ku Holland, panali aphunzitsi awiri a zaumulungu, Jacobus Arminius ndi Franciscus Gomarus. Gomarus, potsata John Calvin, ankati Mulungu anasankhiratu odzapulumuka dziko lisanalengedwe, osayang'ana zimene munthuyo adzachite. Arminius sankakana chisomo, koma ankati munthu angathe kuchikankha, ndipo Mulungu amasankha amene wawaoneratu kuti adzakhulupirira. Iye anamwalira mu 1609. Chaka chotsatira omutsatira analemba mfundo zisanu nazipereka kwa akuluakulu a boma, ndipo anatchedwa ma Remonstrant.

Apa m'pamene ndale zinalowerera. Johan van Oldenbarnevelt, mkulu wa boma amene anakonza pangano la 1609 loleka nkhondo ndi Spain kwa zaka 12, ankafuna kuti magulu onse awiri akhale mumpingo umodzi. Maurice wa ku Nassau, mkulu wa asilikali, sanakondwe ndi panganolo, ndipo anaima ndi gulu la Gomarus. Mu Ogasiti 1618 Oldenbarnevelt anamangidwa pamodzi ndi katswiri wa malamulo Hugo Grotius. Sinodi yoti iweruze nkhaniyi inatsegulidwa ku Dordrecht pa 13 Novembala chaka chomwecho. Onani ndondomeko yake, anzanga: anayamba kumanga, kenaka n'kukhala pansi kukambirana.

Nthumwi zinabwera kuchokera ku England, Switzerland ndi madera a Germany. Za ku France mfumu Louis XIII inaziletsa. Ma Remonstrant, motsogozedwa ndi Simon Episcopius, anaitanidwa ngati oimbidwa mlandu, osati ngati abale odzakambirana. Mu Januwale 1619 wapampando Johannes Bogerman anawapirikitsa m'chipindamo, ndipo Sinodi inawaweruza kuchokera m'zolemba zawo. Abusa pafupifupi 200 anachotsedwa ntchito. Pa 13 Meyi 1619 Oldenbarnevelt, ali ndi zaka 71, anadulidwa mutu ku The Hague pa mlandu woukira dziko. Grotius anatsekeredwa m'linga la Loevestein, koma mu 1621 mkazi wake anamuthawitsa m'bokosi la mabuku.

Mundikhululukire aphunzitsi athu a zaumulungu, koma pano ndimaseka pang'ono. Msonkhano umene unagamula kuti chifuniro cha munthu sichingamupulumutse unatheka chifukwa cha chifuniro cha munthu mmodzi wokhala ndi asilikali.

Komabe sindingawanyoze a ku Dordrecht. Mantha awo ndikuwamvetsa. Ngati chipulumutso chili m'manja mwanga, ine amene sinditha ngakhale kudzuka m'mawa kukalowa m'kalasi, ndiye kuti ndatayika kale. Iwo ankati munthu analengedwera ulemerero wa Mulungu, choncho mathero ake sangadalire mtima umene umasinthasintha ngati bilimankhwe. Ndiponso sanaphunzitse kuti wochimwa alibe mlandu. Arminius naye anali ndi mantha ake: kodi Mulungu woweruza munthu amene sanampatse mwayi wosankha n'ngolungama? Nanga chikondi chosatheka kuchikana n'chikondi?

Zigamulo za ku Dordrecht zinafika ku Cape ndi mpingo wa Dutch Reformed, Adatchi atakhazikika kumeneko mu 1652. Mpingo womwewo ndiwo unatumiza A.C. Murray ndi T.C.B. Vlok, amene anatsegula mishoni ya Mvera mu 1889, ndipo ya Nkhoma inatsatira mu 1896. Sindikunena kuti agogo mawu aja anawatenga kwa Gomarus. Makolo athu anali ndi njira zawo zofotokozera imfa amishoni asanabwere. Koma mitsinje iwiriyi inakumana mwa iwo.

Dzina la Arminius sanalimvepo mpaka kumwalira kwawo. Tsiku lina, msana ukuwawa ndi chikoti, ndinawauza kuti mwina Mulungu ndiye anakonza zoti ndibe nzimbezo. Anandiyang'ana nthawi yaitali, nati, "Ndiye anakonzanso chikotichi," n'kundituma kukatunga madzi.