Kompyuta imodzi, anthu ambiri: maakaunti a woyang'anira, wogwiritsa ntchito wamba ndi mlendo

Ku Nyanga, limodzi mwa madera akale a anthu akuda mumzinda wa Cape Town, mabanja ambiri, kuphatikizapo ochokera ku Malawi, amakhala mothithikana m'tinyumba ta lendi. Pakhomo potere kompyuta imakhala imodzi, kawirikawiri yogula kwa munthu wina, ndipo amaigwiritsa ntchito mwana wa sukulu, mlamu wofunafuna ntchito, ngakhalenso mnansi. M'kompyuta yomweyo ndi mmene mumasungidwa zithunzi za pasipoti, zikalata zokhalira m'dziko ndi mawu achinsinsi otumizira ndalama kumudzi. N'chifukwa chake munthu aliyense amayenera kukhala ndi akaunti yake, kutanthauza dzina ndi mawu achinsinsi zomwe zimamutsegulira mafayilo ake okha.

Akaunti ya woyang'anira, yomwe pa Windows imatchedwa Administrator, ili ngati mwini nyumba wosunga makiyi onse. Imaika ndi kuchotsa mapulogalamu, imatsegula ndi kufufuta maakaunti ena, imasintha mawu achinsinsi a ena, ndipo ingathe kuona mafayilo awo. Vuto lagona pa mphamvu zomwezo. Pa Windows XP, yomwe kampani ya Microsoft idatulutsa mu 2001, maakaunti otsegulidwa poika pulogalamuyo ankakhala a woyang'anira, choncho vairasi yobwera pa fulashi kuchokera ku malo a intaneti olipira inkalandira mphamvu zonse za mwini wake. Kuyambira pa Windows Vista ya 2007, kompyuta imayamba yafunsa chilolezo isanasinthe chinthu chachikulu, komabe funsolo silithandiza munthu wongovomera asanawerenge. Ubuntu, yomwe Mark Shuttleworth, yemwe adakulira ku Cape Town, adayambitsa mu 2004, idabwera ndi akaunti yamphamvu zonse ya root ili yotseka, ndipo woyang'anira amalemba mawu ake achinsinsi akafuna kusintha za mkati mwa kompyuta.

Akaunti ya wogwiritsa ntchito wamba ndiyo yoyenera tsiku ndi tsiku. Munthu amalemba makalata, kuwerenga pa intaneti ndi kusunga zithunzi, koma sangasinthe zokhudza kompyuta yonse kapena kulowa m'mafayilo a mnzake. Ngakhale mwini kompyuta amachita bwino kukhala ndi maakaunti awiri: wamba wa masiku onse, ndi wa woyang'anira wolowamo pokhapokha pali chokonza. Kupatsa m'bale akaunti wamba si kumukayikira, ngakhale kuti m'makomo ena zimamveka choncho poyamba.

Akaunti ya mlendo yasintha kwambiri. Pa Windows XP inkabwera yozimitsa, mwini ankaiyatsa yekha, ndipo sinkafuna mawu achinsinsi. Kuyambira pa Windows 10 ya 2015, siigwiranso ntchito monga kale. Njira yotsala ndiyo kutsegula akaunti wamba, kuipatsa dzina monga "Alendo", ndi kumafufuta zomwe alendowo asiya. Pa makompyuta a Apple mafayilo a mlendo amafufutika okha iye akatuluka.

Wogula kompyuta yogwiritsidwapo kale ntchito ayenera kuona maakaunti onse omwe alimo ndi kuchotsa a mwini wakale. Chabwino koposa ndi kuikamo Windows kapena Ubuntu mwatsopano. Wochoka pa kompyuta kwa kanthawi aitseke podina batani la Windows pamodzi ndi la L.

Mawu achinsinsi a akaunti ali ndi malire. Kompyuta ikabedwa, wakuba angathe kuchotsa diski n'kuiwerenga pa kompyuta ina popanda kudziwa mawuwo. Choteteza pamenepo ndi kubisa zonse za pa diski, monga imachitira BitLocker pa Windows ndi FileVault pa Apple. Nambala yotsegulira diskiyo ikavuta iyenera kulembedwa papepala losungidwa kutali ndi kompyuta, chifukwa nambalayo ndi mawu achinsinsi zikasowa, ngakhale mwini wake sangaonenso mafayilo ake.