Msana Wobereka Mwana wa Masiye

Kale m'midzi ya ku Chileka ndi ku Lirangwe munalibe nyumba yomangidwira ana amasiye. Mai akamwalira, khanda silinachoke pamudzi, pakuti mwana ali wa mbumba ya amache. Mwini mbumba anasonkhanitsa alongo ache, napereka khandalo kwa agogo kapena kwa amai aang'ono. Ndipo msana umodzi unalibereka kufikira litayenda.

Mwambo umenewu unagwedezeka kawiri. Poyamba inadza njala ya 1949, imene inasautsa kwambiri midzi ya ku Lunzu ndi ku Lirangwe. Amuna ambiri anamuka kutali kukasuma, ena osabwerako, ndipo boma linatsegula misasa yodyetserako ofooka. Koma anthu atakolola, misasa ija inatha. Pambuyo pache inadza Edzi, imene inapezeka m'dziko muno mu 1985. Iyi sinathe ndi dzinja limodzi iai: inatenga amai pamodzi ndi abale ao, agogo natsala ndi adzukulu osatha kuwadyetsa. Pamenepo nyumba za ana amasiye zinachuluka.

Omanga nyumbazo anachita mwa chifundo, napulumutsa makanda amene akadafa posowa mkaka. Koma kodi mkaka ndi chofunda zikwanira? Mu 1954 mai wina wophunzira, Mary Ainsworth, anayamba kuyendera mabanja a Baganda kufupi ndi Kampala. Iye anaona kuti khanda likwawa molimba mtima kukaona zinthu pamene amache ali pafupi, ndipo likaopa libwerera kwa iwo. Potero anthu a ku Ulaya anaphunzira pa amai a mu Afrika kuti mwana afuna munthu wachewache wothawirako. M'nyumba yaikuru olera asinthana, wa usiku ndi wina, wa usana ndi wina. Mwana alira, wosadziwa amene adzamtola.

Umboni woposa unachokera ku Romania, kumene boma lidaunjika ana ambiri m'nyumba zotere kufikira 1989. Kuyambira 2000 madokotala anatsata ana 136 a ku Bucharest; theka lao anawapereka ku mabanja, theka linatsala. Opita ku mabanja anakula bwino m'nzeru ndi m'kulankhula, makamaka amene anachoka asanakwane zaka ziwiri. Mwa otsala aja, ena anakhala duu, osafuna munthu, ena anathamangira mlendo ali yense monga ngati amao.

Chifukwa chache mu 2009 bungwe la United Nations linalangiza kuti mwana wosakwana zaka zitatu aleredwe m'banja, ndipo lamulo lathu la ana la 2010 lilola banja lina kulandira mwana wosowa womlera. Ku Blantyre nyumba ya Open Arms, yotsegulidwa mu 1995, inatsata njira yolera makanda kufikira atalimba, ndi kuwabwezera kwa abale ao pamene kuli kotheka.

Tsono katunduyu wabwerera pamudzi, kumene adachokera. Kawirikawiri chimene chitumiza mwana ku nyumba ya amasiye si kusowa abale, koma umphawi wa abalewo. Agogo osowa ufa mukawapatsa ufa, mwana atsala pamsana umene audziwa. Sukulu ya mkombaphala imdyetsa usana, madzulo nagona kwao. Akuru anati, mwana wa mnzako ngwako yemwe. Inu eni mbumba ndi akuru a mpingo, lingalirani mau awa maliro asanabalalike, pakuti pamenepo ndipo pamamangidwa nkhani ya khanda lotsala.