Mbiri ya Kalembera wa Miliri: Mmene Dziko Linaphunzirira Kutchula Matenda Mofanana

Mliri wa makoswe utasakaza mzinda wa London mu 1665, alembi a m'matchalitchi analemba kuti anthu 68,596 ndiwo anafa nawo. Akatswiri a mbiri yakale amati chiwerengero chenicheni chinayandikira 100,000. Enawo anafadi, koma anaikidwa m'manda pansi pa maina a matenda ena.

Masiku amenewo, wonena chimene chapha munthu sanali dokotala. Tchalitchi chinkalemba ganyu amayi okalamba, ambiri a iwo osauka, kuti azikaona mtembo n'kudzauza mlembi. M'mapepala a imfa omwe ankasindikizidwa sabata ndi sabata munkapezeka anthu ofa ndi "mano", ena ndi "mantha", ena ndi "chisoni". Komanso popeza nyumba yogwa mliri inkatsekedwa ndi anthu ake momwemo, mabanja ena ankanyengerera amayiwo kuti atchule nthenda ina.

Zaka zitatu mliriwo usanafike, wamalonda wina wa mumzindamo, John Graunt, anali atasindikiza buku lounika mapepala amenewa. Iye anasonyeza kuti imfa zikawerengedwa mosamala zimaulula mmene mzinda ukudwalira. Koma chipsinjo chinatsala: ungaphatikize bwanji ziwerengero pamene aliyense akutchula nthenda mmene wafunira?

Amene analimbana nalo funsoli ndi William Farr, dokotala yemwe anayamba ntchito mu ofesi ya kalembera wa imfa ku England mu 1839. Dandaulo lake linali lakuti nthenda imodzi inali ndi maina angapo, pomwe dzina limodzi linkaimira matenda osiyanasiyana. Msonkhano wa akatswiri a ziwerengero womwe unachitikira ku Brussels mu 1853 unapempha Farr ndi Marc d'Espine wa ku Geneva kuti akonze mndandanda umodzi wa maiko onse. Patapita zaka ziwiri, awiriwa anafika ku Paris aliyense atanyamula wakewake. Farr anasanja matenda ambiri potsata chiwalo cha thupi chomwe agwira, d'Espine potsata chikhalidwe cha nthendayo. Msonkhano unangotengako uku ndi uku, ndipo maiko sanaulabadire kwenikweni mndandandawo.

Zinthu zinayenda mu 1893, pamene mndandanda wa Jacques Bertillon, mkulu wa ziwerengero mumzinda wa Paris, unavomerezedwa pamsonkhano wa ku Chicago. Bertillon anamanga pa maziko a Farr. Mu 1900 nthumwi za maiko 26 zinakumana ku Paris kuukonzanso, ndipo bungwe la WHO litakhazikitsidwa mu 1948 linalandira ntchitoyi n'kuwonjezeramo matenda omwe anthu amadwala popanda kufa nawo. Umenewu ndiwo mndandanda wa ICD womwe zipatala zimagwiritsa ntchito mpaka lero. M'buku lake lachikhumi, kolera ndiye ali pamzere woyamba, pa nambala A00.

Makompyuta atabwera, zinaoneka kuti mndandanda wa maina pawokha ndi woperewera. Dokotala akawerenga "kolera" amadziwa kale kuti nthendayi imayamba ndi kachilombo ka Vibrio cholerae, imafala kudzera m'madzi ndi m'zakudya zoipitsidwa, ndipo imatsegula m'mimba modetsa nkhawa. Kompyuta sidziwa zimenezo pokhapokha wina aiuze. Apa ndi pomwe panalowera chimene akatswiri amachitcha ontology: ndondomeko yolemba tanthauzo la chinthu chilichonse pamodzi ndi ubale wake ndi zinthu zina, m'njira yoti makina athe kutsata. Zili ngati mmene agogo amalongosolera chibale pamaliro: satchula maina okha, amanenanso kuti uyu ndi mwana wa yani, ndipo uyo anakwatira kuti.

Phindu lake limaoneka madzi akasefukira. Wazaumoyo akhoza kufunsa kompyuta kuti imupatse odwala onse a matenda ofala ndi madzi m'boma lakutilakuti. Makinawo abweretsa a kolera ndi a taifodi limodzi, ngakhale palibe kaundula amene munalembedwa mawu akuti "madzi", chifukwa ubalewo unalembedwa kale mu ontology.

Njirayi inayamba kudziwika kwambiri mu 1998, pamene magulu atatu ofufuza za majini a yisiti, a ntchentche ndi a mbewa anagwirizana kufotokoza zomwe apeza ndi mawu ofanana, n'kuyambitsa Gene Ontology. Ofufuza matenda opatsirana anatengerapo phunziro n'kupanga yawo. Nayo ICD-11, yomwe inayamba kugwira ntchito pa 1 January 2022, inamangidwa ndi nzeru yomweyi, moti khansa ya m'mapapo imatha kupezeka pagulu la khansa komanso pagulu la matenda a m'mapapo.

Mbali ya ngozi zogwa mwadzidzidzi inatsalira m'mbuyo. Chivomerezi chitagwedeza dziko la Haiti mu January 2010, mabungwe othandiza anakhamukirako ochuluka zedi, lililonse ndi mapepala ake ndi kalembedwe kake, ndipo nthawi yambiri inkathera pa kulunzanitsa ziwerengero. Mu 2014, chaka chomwe Ebola inabuka mwamphamvu ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone, nthambi ya United Nations yotchedwa OCHA inatsegula nkhokwe ya pa intaneti ya Humanitarian Data Exchange. Inalimbikitsanso kanjira kopepuka kotchedwa HXL: pansi pa mitu ya tebulo pankawonjezedwa mzere umodzi wa zizindikiro, monga #adm1 kuimira chigawo ndi #affected kuimira anthu okhudzidwa. Motero matebulo olembedwa m'Chingerezi ndi m'Chifalansa ankatha kuphatikizidwa mosavuta. Mu 2021, nthambi ina ya United Nations yoona za ngozi, UNDRR, ndi bungwe la International Science Council anatulutsa matanthauzo a mitundu 302 ya ngozi, kuyambira chilala mpaka dzombe.

COVID-19 inaonetsa mphamvu ndi malire a zonsezi. WHO inapereka msanga nambala ziwiri: U07.1 ya wodwala woyezedwa n'kupezeka nako kachilombo, ndi U07.2 ya woganiziridwa chabe. Komabe, pomwe maiko analengeza imfa pafupifupi 5.4 miliyoni m'zaka za 2020 ndi 2021, WHO inayerekezera kuti mliriwu unachititsa imfa pafupifupi 14.9 miliyoni. Ambiri anamwalirira kumudzi, kopanda wolemba.

Nkhaniyi ikutikhudza ndithu kuno ku Malawi. Namondwe wa Freddy anagwetsa nyumba m'chigawo chakummwera mu March 2023 dziko lili kale pakati pa mliri wa kolera womwe unayambira ku Machinga chaka chapitacho n'kupha anthu oposa 1,700. Panthawi yotere, malipoti a zipatala omwe amalowa mu kaundula wa pa kompyuta wa DHIS2 amayenera kugwirizana ndi a m'misasa ya othawa madzi. Wina akawerenga mabanja pomwe mnzake akuwerenga anthu, kapena mudzi umodzi ukalembedwa m'njira ziwiri, chimanga ndi kolorini zimapita kosayenera.

Choncho boma ndi mabungwe agwirizane za matanthauzo ndi maina a malo mvula isanayambe, ndipo alangizi a zaumoyo kumidzi apatsidwe maphunziro, mafomu ndi nthawi yokwanira yolemba. Kompyuta imangosanja zomwe anthu amenewa alemba. Sizingakonze zimene sizinalembedwe.