Pantoni ya pa Liwonde ndi Mkangano wa M'chipani

Inu amene mumayenda ulendo wochokera ku Balaka kupita ku Machinga kapena ku Zomba mumawoloka Shire pa mlatho wa Liwonde m'kanthawi kochepa. Kale panalibe mlatho pamenepo. Anthu ndi magalimoto omwe ankawoloka pa pantoni, ndipo pantoniyo ikakhala tsidya lina munthu unkangodikira. Lero tikambirana za tsiku lina pamene kudikirako kunasintha mbiri ya dziko lathu.

Usiku wa pa 12 Febuluwale 1965, anthu pafupifupi 200 otsogozedwa ndi a Henry Masauko Chipembere analanda boma la Fort Johnston, limene lero timalitcha Mangochi, natenga mfuti ku polisi. Anakwera malole nalowera msewu wa ku Zomba, umene unali likulu la dziko. Atafika pa Liwonde anapeza pantoni itamangidwa tsidya la kum'mawa, ndipo asanapeze njira yowolokera, asilikali a boma anafika kuchokera ku Zomba. Funso lathu ndi ili: zinatheka bwanji kuti munthu amene miyezi isanu yokha m'mbuyomo anali nduna ya maphunziro aime pa doko ndi mfuti kulimbana ndi chipani chimene iye mwini anathandiza kumanga?

Kuti tiyankhe, tibwerere ku 1944, pamene a Levi Mumba, a James Sangala ndi anzawo anayambitsa Nyasaland African Congress. Oyambitsawo anali aphunzitsi, makalaliki, abusa ndi eni mabizinesi ang'onoang'ono. Chida chawo chinali kalata yodandaula kwa Bwanamkubwa ndi nthumwi zopita ku London. Ankakhulupirira kuti boma la Britain likhoza kumva mawu a nzeru akalankhulidwa mwaulemu ndi motsata malamulo. Koma m'chaka cha 1953 Britain anakhazikitsa Chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland ngakhale kuti anthu akuda anachikana, ndipo pa zipolowe za chaka chomwecho, zimene zinayambira ku Thyolo, anthu 11 anaphedwa. Congress inabwerera m'mbuyo, niluza anthu ambiri.

Apa mpamene panagona gwero la mkangano. Chitaganya chinapatsa anthu akuda a ku Nyasaland mipando iwiri m'Nyumba ya Malamulo ya ku Salisbury, ndipo a Wellington Manoah Chirwa ndi a Clement Kumbikano, onse a Congress, anakakhala pa mipandoyo. Mfundo yawo sinali yopusa ayi. Ankati mpando ukasiyidwa wopanda munthu, adzakhalapo wina wovomereza zonse, tsono ndi bwino kuti mdani wa Chitaganya akachitsutsire m'kati momwemo, mmene dziko lonse lapansi lingamve. A Manoah Chirwa anachitadi zimenezi molimba mtima.

Koma panabwera anyamata amene ankaona zinthu mosiyana. M'mwezi wa Malichi 1956 a Chipembere, ophunzira ku Fort Hare, ndi a Kanyama Chiume, ophunzira ku Makerere, anasankhidwa kulowa m'Nyumba ya Malamulo ya ku Zomba asanakwanitse zaka 30. Iwo ankati kukhala ku Salisbury ndiko kuvomereza Chitaganya, ngakhale pakamwa ukuchikana. Ankatinso mphamvu ya chipani siili m'makalata, ili kumudzi, kumene mlimi ankalipitsidwa chindapusa kapena kumangidwa chifukwa cha malamulo a malimidwe okakamiza kupanga migula ndi mizere. Akuluakulu ankawaona anyamatawo ngati opupuluma amene adzaphetsa anthu. Anyamata ankawaona akuluakuluwo ngati anthu amene azolowera mipando yofewa.

M'chaka cha 1957 anyamata anapambana. A Manoah Chirwa ndi a Kumbikano atakana kutula pansi udindo wawo, anachotsedwa m'chipani. Komabe anyamatawo ankadziwa kuti mafumu ndi akuluakulu a kumidzi sangatsatire achichepere okhaokha. Chotero anaitana munthu wa imvi ndi wa maphunziro apamwamba, Dr. Hastings Kamuzu Banda, amene anatera pa Chileka pa 6 Julayi 1958. Iwo omwe ndiwo anamkweza pamaso pa anthu ngati mpulumutsi, nampatsa mphamvu yosankha yekha komiti yake. Pa 3 Malichi 1959 Bwanamkubwa Robert Armitage analetsa Congress, ndipo Dr. Banda ndi a Chipembere anakatsekeredwa limodzi ku Gwelo. Malawi Congress Party, imene inalowa m'malo mwake, inapambana kotheratu chisankho cha 1961.

Kunena zoona, njira ya anyamata ndiyo inathyola Chitaganya. Makalata okha sakanatha kutero. Koma chipanicho chinatuluka m'nkhondoyi chitaphunzira mwambo umodzi woopsa: wotsutsa sayankhidwa, amachotsedwa.

Ufulu unabwera pa 6 Julayi 1964, ndipo pasanathe miyezi iwiri mkangano wakale unabuka ndi nkhope yatsopano. Pa 26 Ogasiti nduna zinamuuza Dr. Banda madandaulo awo. Zinakana tiki imene odwala analamulidwa kulipira m'zipatala za boma. Zinakana lipoti la Skinner limene linkachepetsa zolandira za ogwira ntchito m'boma akuda. Zinadandaula kuti maudindo akuluakulu akadali m'manja mwa Azungu, ndiponso kuti boma likuchita ubwenzi ndi Apwitikizi a ku Mozambique. Dr. Banda, amene anyamata anamuitana kudzagwetsa akuluakulu odekha, tsopano ndiye ankati tiyende pang'onopang'ono, tisathamangitse akatswiri kapena kukwiyitsa anansi amene njanji yathu imadzera kwawo.

Chodabwitsa n'chakuti chida cha anyamata chija chinali chitasamukira m'manja mwake. Ndunazo zinali ndi makalaliki ndi aphunzitsi a m'tawuni, makamaka ku Zomba. Dr. Banda anatembenukira kwa anthu a kumidzi, kwa amayi a chipani ndi kwa achinyamata a chipani, nawauza kuti ophunzirawo akungofuna malipiro ndi maudindo. Pa 7 Sepitembala anachotsa a Chiume, a Orton Chirwa, a Augustine Bwanausi ndi mayi Rose Chibambo. A Yatuta Chisiza ndi a Willie Chokani anatula pansi maudindo awo, ndipo a Chipembere, atabwerako ku Canada, anachita chimodzimodzi. Akale anati chaona mnzako chapita, mawa chili kwa iwe. Zimene zinaonekera a Manoah Chirwa mu 1957 zinaonekera owachotsa aja patangopita zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo m'chipani munalibenso bwalo loti akadandauleko.

Munthu wopanda bwalo amafuna njira ina. A Chipembere anabwerera kwawo ku Malindi, nalowa m'tchire, ndipo mathero ake ndi aja tayamba nawo pa doko la Liwonde. Amene analipira kwambiri anali anthu wamba a m'chigawo chimenechi, pakuti midzi inatenthedwa ndipo ambiri anatsekeredwa osazengedwa mlandu. A Chipembere anatuluka m'dziko chaka chomwecho, namwalirira ku Los Angeles mu 1975. Kuyambira 1966 lamulo linalola chipani chimodzi chokha, mpaka anthu atasankha zipani zambiri pa referendamu ya 1993.

Funso la a Manoah Chirwa silinafe. Inu a ku Machinga ndi Balaka munalionanso pakhomo penipeni. A Atupele Muluzi, mtsogoleri wa UDF, atalowa m'nduna za boma la DPP mu 2014, aphungu a chipanicho anasamukira mbali ya boma mu 2015, koma malemu Lucius Banda, phungu wa kumpoto kwa Balaka, anatsalira mbali yotsutsa. Ena ankati kulowa m'boma kubweretsa chitukuko kwa anthu, ena ankati kuzimitsa mawu a anthu. Mkanganowo ngwomwewo, kungoti ulendo uno palibe amene anatola mfuti kapena kuthawa m'dziko.

Omvera, chipani chilichonse chimakhala ndi anthu a mitundu iwiriyi: odziwa kukambirana m'nyumba ndi odziwa kumva kulira kwa panja. Oyamba akakhala okha amaiwala amene anawatuma. Achiwiri akakhala okha amamanga mphamvu imene sadziwa kuti mawa idzagwa m'manja mwa yani. Mbiri ya Congress ikutisonyeza kuti kukangana kwawo sikunali tsoka. Tsoka linadza pamene wopambana anayamba kutseka chitseko.

Mukamadzawolokanso pa Liwonde, muyang'ane madziwo pang'ono.