Kulemba ndi Kuyang'anira Osewera ndi Makochi Kuchokera ku Likulu m'Masewero a Rugby

M'masewero a rugby ya anthu 15 mbali iliyonse, muli mayiko ena kumene osewera otchuka pamodzi ndi makochi awo salembedwa ntchito ndi makalabu ayi, koma ndi bungwe loyendetsa masewerowa m'dzikomo. Bungwelo ndilo limasaina nawo makontrakiti ndi kuwalipira. Pa chifukwa chimenechi limakhala ndi mawu pa timu imene munthu azisewerako, kuchuluka kwa masewero amene angasewere pa sizoni, nthawi yake yopuma, ngakhalenso tsiku lobwerera m'bwalo akavulala. Dongosololi linazika mizu kwambiri ku New Zealand ndi ku Ireland, ndipo Scotland nayo imalitsata. Ku England ndi ku France osewera ndi a makalabu, timu ya dziko imachita kubwereka.

Nkhaniyi ndi yaikulu mu rugby kusiyana ndi mu mpira wamiyendo pa zifukwa ziwiri. M'mayiko ambiri ndalama zenizeni za rugby zimachokera ku masewero a matimu a dziko, kudzera m'matikiti, wailesi za kanema ndi makampani othandiza. Komanso rugby imadya thupi. Munthu amene wagundana ndi anzake kwa mphindi 80 Loweruka sangasewerenso Lachitatu ngati momwe amachitira a mpira wamiyendo. Choncho masewero amene thupi limodzi lingapirire pa chaka ndi owerengeka, ndipo kalabu ndi dziko amalimbirana masewero omwewo. Amene amalipira ndiye amapambana pa mkanganowu.

Chiyambi chake

Mpaka chaka cha 1995, malamulo a rugby ankaletsa kulipira osewera, ngakhale kuti maenvulopu ankadutsa pansi pa tebulo. Mu Juni chaka chimenecho, mpikisano wa chikho cha dziko lonse uli kumapeto ku South Africa, mabungwe a South Africa, New Zealand ndi Australia analengeza mgwirizano wa zaka 10 ndi kampani ya News Corporation ya Rupert Murdoch, wa ndalama zokwana madola 555 miliyoni a ku America. Koma panali gulu lina, World Rugby Corporation, logwirizana ndi mpondamatiki wa ku Australia, Kerry Packer, limene linkanyengerera mwakabisira osewera otchuka kuti akayambitse mpikisano wawo. Mabungwe atatu aja anaona kuti atsala ndi ndalama m'manja koma opanda osewera. Ku New Zealand, Jock Hobbs, amene kale anali kaputeni wa All Blacks, timu ya dzikolo, anayendayenda kukambirana ndi osewera mmodzimmodzi, ndipo Jeff Wilson ndi Josh Kronfeld ndiwo anayamba kusaina ndi bungwe la dziko lawo. Ena onse anatsatira. Pa 26 Ogasiti 1995, akuluakulu a rugby padziko lonse atakumana ku Paris, anavomereza kuti osewera azilipidwa poyera.

Dongosolo la ku likulu silinabadwe chifukwa cha nzeru zoona patali ayi. Linabadwa chifukwa cha mantha. Ku England, kumene kunalibe changu chotere, bungwe la RFU linati liyambe ladikira sizoni imodzi. Anthu achuma sanadikire. Sir John Hall anagula kalabu ya Newcastle n'kulemba Rob Andrew, eni makalabu ena anachitanso chimodzimodzi, ndipo pamene RFU inkadzidzimuka, osewera onse anali atasaina kale kwina.

New Zealand

Mpikisano wa Super 12 utayamba mu 1996, New Zealand inagawa dziko m'matimu asanu: Blues ku Auckland, Chiefs ku Hamilton, Hurricanes ku Wellington, Crusaders ku Christchurch ndi Highlanders ku Dunedin. Osewera a matimuwa amalembedwa ndi bungwe la New Zealand Rugby, potsatira mgwirizano umene bungweli limakambirana ndi bungwe loimira osewera. Msana wa dongosolo lonseli ndi lamulo limodzi: wosewera kunja sasankhidwa mu All Blacks. Makalabu a ku France ndi ku Japan amalipira koposa, koma jezi yakuda ija ndiyo imasunga anthu kwawo. Richie Mo'unga atapita ku Toshiba Brave Lupus ku Japan, chikho cha 2023 chitatha, anatuluka m'gulu la osankhidwa ngakhale kuti ndiye ankavala nambala 10 pa fainolo.

Pofuna kuti nyambo ya ndalama isawatenge onse, bungweli limalola akatswiri ochepa amene atumikira nthawi yaitali kuti achokepo miyezi ingapo n'kubwerera. Dan Carter anapita ku Perpignan ku France kumapeto kwa 2008, koma atangosewera kasanu anaduka mtsempha wa kuchidendene. Richie McCaw sanapite ku kalabu iliyonse, anangopuma theka loyamba la 2013. Beauden Barrett ndi Ardie Savea anakasewera ku Japan, pomwe Jordie Barrett anakakhala miyezi ingapo ku Leinster.

Mphamvu zoterezi zikhozanso kupitirira muyeso. Mu 2007 kochi wa All Blacks, Graham Henry, anachotsa osewera 22 m'masabata asanu ndi awiri oyamba a Super 14, mpikisano umene kale unali Super 12, kuti akalimbitse matupi pokonzekera chikho cha dziko lonse. Ochemerera anakwiya, a wailesi za kanema nawo anadandaula poti analipirira masewero opanda akatswiri. Kenaka All Blacks inagonja kwa France 20-18 ku Cardiff m'ndime ya makotafainolo, ndipo ambiri anati anyamatawo anafika ku mpikisano asanasewere mokwanira. Bungwe silinamuchotse Henry. Linamusunga, Robbie Deans amene ankafuna mpandowo anapita kukaphunzitsa Australia, ndipo mu 2011 Henry anatenga chikhocho. Wothandizira wake, Steve Hansen, analowa m'malo mwake n'kuchitenganso mu 2015, ndipo Hansen naye anasiyira womuthandiza, Ian Foster. Kupatsirana mpando kotere kumatheka pamene makochi onse ali pansi pa bwana mmodzi.

Ireland

Ku Ireland ndiko dongosololi limaoneka bwino mmene limagwirira ntchito. Bungwe la IRFU limayendetsa rugby pa chilumba chonse, kumpoto ndi kumwera komwe, kudzera m'zigawo zinayi: Leinster ku Dublin, Munster ku Limerick ndi ku Cork, Ulster ku Belfast ndi Connacht ku Galway. Mpikisano wa makalabu a ku Ulaya utayamba mu 1995, IRFU inalowetsamo zigawo m'malo mwa makalabu akale monga Shannon kapena Garryowen. Zaka zoyambirira osewera ambiri anathawira ku England, ndipo bungwe linachita kuwaitana kuti abwerere powapatsa makontrakiti. Boma nalo linathandiza: kuyambira 2002, wamasewero amene wakhala akukhoma msonkho ku Ireland amabwezeredwa gawo la msonkhowo akapuma.

Osewera ambiri amakhala ndi makontrakiti a zigawo, koma kagulu kochepa ka akatswiri a timu ya dziko kamakhala ndi makontrakiti a ku likulu. Woyang'anira zonsezi ndi mkulu woona za luso, mpando umene David Nucifora wa ku Australia anakhalapo kuyambira 2014 mpaka 2024, David Humphreys asanalowepo. Chigawo sichingalembe kochi wamkulu kapena wosewera wakunja popanda ofesi imeneyi kuvomereza.

Pa sabata wamba zimayenda chonchi. Wosewera aliyense amavala kachipangizo ka GPS m'kathumba ka kumsana kwa jezi, pakati pa mapewa, kamene kamalemba mtunda umene wathamanga ndi liwiro lake. Madokotala ndi aphunzitsi olimbitsa thupi a m'chigawo amagawana zimenezi ndi anzawo a ku likulu. Amene anali pa ulendo wa timu ya dziko mu Julayi amachedwa kuyamba sizoni, ndipo mpikisano wa Six Nations ukamayandikira amapumitsidwanso. Kochi wa chigawo amadziwiratu masabata amene katswiri wake sadzakhalapo, afune asafune. N'chifukwa chake Leinster nthawi zina imapita kukasewera ndi Bulls ku Pretoria kapena Stormers ku Cape Town, mu ligi ya United Rugby Championship, itatenga anyamata achisodzera, akuluakulu atatsala ku Dublin.

Nkhani ya Ruan Pienaar ikuonetsa kuwawa kwake kwa dongosololi. Pienaar, wa ku South Africa, wovala nambala 9, anafika ku Ulster mu 2010 ndipo anthu a ku Belfast anamukonda ngati mwana wawo. Iye ankafuna kukhalabe, Ulster nayo inkamufuna. Koma mu 2016 IRFU inakana kuti kontrakiti yake iwonjezedwe, ponena kuti malowo akufunika munthu woti angasewerere Ireland. Mu 2017 Pienaar anapita ku Montpellier, ochemerera ali ndi mkwiyo. Amene analowa m'malo mwake, John Cooney wochokera ku Connacht, anasewera bwino zedi, zimene zinapatsa a ku likulu poyankhira. Komabe chigamulocho sichinapangidwe poganizira Ulster, ndipo a Ulster anadziwa zimenezo. Chaka chotsatira Joey Carbery anachoka ku Leinster, kumene ankakhalira kumbuyo kwa Johnny Sexton, kupita ku Munster kuti azipeza mpata wovala nambala 10.

Ku Ireland kulibe lamulo lolembedwa loletsa kusankha wosewera kunja, koma mwambo wake ndi womwewo. Sexton atapita ku Racing ku Paris mu 2013 ankaitanidwabe, poti panalibe wofanana naye. Simon Zebo atalengeza kuti akupita ku kalabu yomweyo anangosiyidwa basi.

Zipatso zake zilipo. Ulster inatenga chikho cha ku Ulaya mu 1999, Munster mu 2006 ndi 2008, Leinster mu 2009, 2011, 2012 ndi 2018. Timu ya dziko inapambana masewero ake onse a Six Nations mu 2009, 2018 ndi 2023, inagonjetsa New Zealand koyamba mu 2016 ku Chicago, 40-29, ndipo mu 2022 inakapambana masewero awiri mwa atatu ku New Zealand komweko. Makochi nawo amakwera makwerero omwewo: Declan Kidney anachokera ku Munster, Joe Schmidt ku Leinster, ndipo Andy Farrell anali wothandizira Schmidt. Kwa dziko limene rugby imaposedwa kutchuka ndi masewero a Gaelic ndi mpira wamiyendo, izi si zazing'ono. Koma otsutsa amakumbutsa kuti Ireland sinadutsepo ndime ya makotafainolo pa chikho cha dziko lonse, ndipo mu 2023, ikuwerengedwa kuti ndi yoyamba padziko lonse, inagonja kwa New Zealand 28-24.

Dandaulo lina ndi la tsankho. Osewera ambiri abwino amachokera m'sukulu zolipira za ku Dublin monga Blackrock College ndi St Michael's College, choncho makontrakiti ambiri a ku likulu amagwera Leinster. Likulu likamalipira akatswiri ake, Leinster imatsala ndi ndalama zolembera ena, wolemera n'kumalemerabe. Pofuna kuchepetsa izi, kuyambira 2024 zigawo zinayamba kusonkhako gawo la malipiro a osewera awo a ku likulu. Connacht ndiyo inalawa mbali yoopsa kwambiri: mu 2003 IRFU inaganiza zothetsa timu yake pofuna kusunga ndalama, anthu a kumadzulo anaguba mpaka ku likulu la bungweli ku Lansdowne Road ku Dublin, ndipo bungwe linabwerera m'mbuyo. Patatha zaka 13, pansi pa kochi Pat Lam, Connacht inatenga ligi itagonjetsa Leinster 20-10.

Mayiko ena

Ku Scotland bungwe ndilo mwini wa Glasgow Warriors ndi Edinburgh. Timu yachitatu, Border Reivers, linaitseka mu 2007. Poti matimu awiri sangasunge aliyense, Scotland imasankhabe osewera kunja monga Finn Russell.

Wales inayesa kuima pakati ndipo yavutika nazo. Mu 2003 inapanga zigawo zisanu, chimodzi mwa izo, Celtic Warriors, chinatha patangopita chaka. Mu 2014 kunabwera makontrakiti ogawana, bungwe likulipira magawo 60 pa 100, chigawo 40. Mu 2017 anaika lamulo loti wosewera kunja akhale atasewerera dziko kokwana 60 kuti asankhidwe, ndipo mu Febuluwale 2023, osewera ataopseza kunyanyala masewero olimbana ndi England chifukwa cha kuchedwa kwa makontrakiti, chiwerengerocho chinatsitsidwa kufika pa 25.

South Africa inatenga njira yosiyana kotheratu. Randi singapikisane ndi yuro, paundi kapena yeni, choncho pansi pa Rassie Erasmus bungwe linasiya kuletsa osewera akunja. Timu imene inatenga chikho mu 2023, pogonjetsa New Zealand 12-11, inali ndi Handré Pollard wa Leicester, Faf de Klerk wosewera ku Japan ndi RG Snyman wa Munster. Malipiro awo a mwezi ndi mwezi ankalipira ndi makalabu a kunja, timu ya dziko, Springboks, n'kumawaitana pa nthawi imene malamulo a World Rugby, bungwe loyendetsa rugby padziko lonse, amakakamiza makalabu kumasula osewera. Zikho ziwiri zotsatizana, cha 2019 ndi cha 2023, zinafooketsa mfundo yoti popanda kusunga osewera kwawo dziko silingapambane.

Ku France makalabu a mu ligi ya Top 14 ndi olemera moti bungwe la dziko limachita kukambirana nawo masiku amene lingatenge osewera. Ku England mphamvu za makalabu zinagwedezeka pamene Worcester Warriors, Wasps ndi London Irish anagwa ndi ngongole pakati pa 2022 ndi 2023. Mu 2024 RFU ndi makalabu anasaina mgwirizano wa zaka zisanu ndi zitatu wolola kuti osewera osapitirira 25 azilandiranso malipiro okhazikika kuchokera ku RFU, uku akadali a makalabu awo. Mgwirizanowu unapatsa kochi wa England, Steve Borthwick, mawu omaliza pa nkhani za chipatala ndi kulimbitsa thupi kwa osewerawo, koma kusankha timu ya kalabu Loweruka lililonse kunatsalabe m'manja mwa makochi a makalabu. Mu Okutobala chaka chomwecho, osewera 17 ndiwo anayamba kulandira makontrakiti amenewa.